Anakonza kawiri, koma galimoto ikunjenjemerabe ponyamuka

Mayi wina wandilembera imelo sabata yathayi. Galimoto yawo yaing'ono ya otomatiki imanjenjemera ikamanyamuka, ndipo tsiku lina inangotaya mphamvu pakati pa msewu, injini ikulira koma matayala osakoka. Kampani inawalembera kalata kuti akaikonzetse mwaulere, apita nayo kawiri, vuto labwereranso. Akufunsa kuti: aigulitse kapena apitenso kachitatu?

Mayi, musanaganize zogulitsa, dziwani kaye mtundu wa giyabokosi yanu. Zizindikiro mwatchulazi zimapezeka kwambiri pa giyabokosi ya makilatchi awiri ouma. M'kati mwake ili ngati ya manyuwelo, kungoti kilatchi imodzi imagwira magiya 1, 3 ndi 5, inayo 2, 4 ndi 6, ndipo m'malo mwa phazi lanu, kakompyuta ndi kamene kamaponda kilatchi kudzera m'timamota ta magetsi. Mawu akuti "ouma" ndi ofunika apa. Makilatchiwa safuna oyilo ngakhale dontho. Labala yotchinga oyilo pa shafti ikatha, oyilo amadontha n'kunyowetsa kilatchi, imagwira, n'kuterereka, n'kugwiranso. Kunjenjemera mukumvako ndi kumeneko. Kutaya mphamvu mwadzidzidzi nthawi zambiri kumachokera ku kakompyuta kaja, komwe amakatcha TCM.

Nkhani yodziwika bwino pa vuto lotereli ndi ya Ford Fiesta za 2011 mpaka 2016 ndi Focus za 2012 mpaka 2016 ku America, zokhala ndi giyabokosi ya PowerShift. Ford inatalikitsa waranti ya TCM kufika zaka 10 kapena mamailosi 150,000. Ku Australia, mu 2018, khoti linalamula Ford kulipira chindapusa cha madola 10 miliyoni a dzikolo chifukwa cha momwe inasamalira madandaulo, kuphatikizapo kuuza eni galimoto kuti kunjenjemerako n'chifukwa cha kayendetsedwe kawo. Choncho wina akakuuzani kuti simudziwa kuyendetsa, musangovomera.

Nanga n'chifukwa chiyani akonza kawiri osatheka? Ndikukayikira kuti ulendo woyamba anangosintha pulogalamu ya kakompyutako. Imeneyi ndi ntchito yachangu, galimoto imatuluka ikuyenda mosalala, koma ngati kilatchi inanyowa kale, pakapita masabata angapo nthenda imayambiranso. Ndinaonapo kilatchi yomwe inachotsedwa m'galimoto "yokonzedwa" chonchi: yakuda bii, yonata ngati phula, kungoigwira zala n'kuda. Ena amasintha kilatchi n'kusiya labala yakale, enanso amaiwala kuphunzitsa kakompyuta kuti kadziwe pomwe kilatchi yatsopano ikugwirira.

Pitaninso, koma osati chimanjamanja. Tengani mapepala a maulendo awiri aja muwerenge zomwe anasinthadi, chifukwa mawu oti "tayang'ana" si kukonza. Werenganinso kalata ija muone ngati ikunena za recall kapena za kutalikitsa waranti. Recall ndi kuitanitsa galimoto chifukwa cha vuto loika moyo pachiswe, pomwe kutalikitsa waranti kuli ndi malire a zaka ndi mtunda, ndipo malirewo akadutsa mudzalipira nokha. Nambala ya chasisi, ya zilembo ndi manambala 17 ija, ndi yomwe imasonyeza ntchito zomwe galimoto yanu ikuyenera kulandira. Pemphani makaniko akwere nanu, injini itatentha bwino, munyamuke pang'onopang'ono pachitunda kuti amve yekha. Kutaya mphamvu kuja onetsetsani kuti kwalembedwa pa khadi la ntchito, ndi tsiku lake.

Pakadali pano, pamene galimoto zathithikana musamakwawe pang'onopang'ono phazi lili theka pa buleki, ndipo pachitunda musaigwire poponda mafuta. Zimenezi zimapsereza kilatchi.

Zogulitsa ndingaziganizire ngati atasintha kilatchi, labala ndi TCM zonse zitatu koma n'kunjenjemerabe. Ndipo wogulayo mudzamuonetse mapepalawo.