Musathamangire kalata yomuchenjeza

Achimwene, mwafunsa ngati mumulembere kalata yomuchenjeza mnyamata wa mu ofesi yanu amene wakuululirani kuti ali ndi ADHD (vuto la ubongo limene limachititsa munthu kuvutika kuika maganizo pa chinthu chimodzi), poti amachedwa kupereka malipoti. Ine ndikuti dikirani kaye.

ADHD si ulesi. Munthu wotere amavutika kusunga malangizo ambiri m'mutu nthawi imodzi, kuyerekeza kuti ntchito itenga nthawi yaitali bwanji, komanso kuyamba ntchito yosamukoka mtima, pomwe ina ikamukoka amaiwala ndi nkhomaliro yomwe. Mukamuuza zinthu zisanu pakamwa mukutuluka pakhomo, zina zimatayika. Malangizowo muzichita kumulembera. Lipoti lalikulu ligaweni m'zigawo, chilichonse ndi tsiku lake, ndipo muzikumana naye mphindi 10 Lolemba lililonse. Tebulo lake lichotseni pafupi ndi khomo kuti odutsa asamamusokoneze.

Chandikhudza kwambiri n'chakuti wakuuzani yekha. Kafukufuku wa Amy Edmondson wa ku Harvard wa mu 1999 anapeza kuti magulu amene anthu ake saopa kufunsa kapena kuvomera zolakwa amaphunzira bwino pa ntchito. Kalatayo ikabwera lero, ena onse ayamba kukubisirani mavuto awo, ndipo wochotsa mantha amenewo ndinu bwana. Za ADHD yakeyo musauze anzake popanda chilolezo chake.