Za njala ya 3 koloko ija, achemwali

Achemwali, funso lanu ndaliwerenga kawiri chifukwa ndimaona ngati mukunena ine. Mwati mumakhalira kuyenda tsiku lonse kuperekera katundu m'mashopu, ikamati 3 koloko njala yakugwirani mpaka manja kunjenjemera, ndiye mumathera pa mandasi ndi chozizira, chonsecho kuchipatala anakuuzani kuti muchepetseko thupi. Mukufuna kakudya kokwana m'chikwama, kosalira filiji, komanso kosanenepetsa. Ndaona ena akuyankhani kale kuti mungopirira n'kumamwa madzi. Amenewo sanasenzepo katoni padzuwa la Okutobala, asiyeni.

Ine ndinakhala zaka zingapo ndikuyenda msewu wa M1, lero Lilongwe mawa Blantyre, pena kutsikira pa Ntcheu kapena pa Balaka. Masiketi anga onse anandikana m'zaka zimenezo, koma nsima ndinkadya yomweyo ya masiku onse. Chinandinenepetsa ndi zenera la minibasi. Galimoto ikangoima pa siteji, zigege zili pamphuno, zitumbuwa zili apa, tchipisi chikununkhira, ndipo munthu wanjala sasankha, amangotambasula dzanja. Ndiye ndisanatchule chakudya chilichonse ndinene ichi: njala ya masana mumathana nayo m'mawa musanatseke chitseko cha kunyumba. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Chomwe chili kale m'chikwama ndi chimene mudye, chomwe mukuti mukagula kutsogolo chikakhala mandasi basi.

Tsono kamasamu pang'ono, musatope nane. Mphamvu ya m'chakudya amaiyeza m'makalori. Mzimayi wamkulu amafunika makalori pafupifupi 2,000 patsiku, kuposerapo ngati ntchito yake ndi yakalavulagaga. Kakudya ka masana kakwane 150 kapena 200, osapitirira kwambiri. Chinsinsi chili pa mafuta: galamu imodzi ya mafuta ili ndi makalori 9, pomwe galamu ya shuga, ya ufa kapena ya zomanga thupi ili ndi 4. Supuni yaikulu imodzi ya mafuta ophikira ndi makalori 120, yokhayokha, isanakhudze chilichonse. N'chifukwa chake mbatatesi yowiritsa ya magalamu 100 sifika makalori 90, koma yomweyo ikasambira pa chiwaya imafika cha m'ma 300. Ndipo mbale ya tchipisi yomwe timagula ija si ya magalamu 100 ayi, makamaka mnyamata wa pachiwaya akakukondani n'kuikapo basera.

Chozizira ndiye chonyenga kwambiri chifukwa sichikhutitsa n'komwe. Zakumwa zambiri zotsekemerazi zimakhala ndi shuga pafupifupi magalamu 10 pa mamililita 100 alionse. Botolo la mamililita 300 ndiye kuti mwamwa masupuni aang'ono 7 kapena 8 a shuga. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linalangiza mu 2015 kuti shuga wothira asapitirire gawo limodzi mwa magawo 10 a makalori a tsiku, omwe kwa munthu wamkulu ndi masupuni aang'ono pafupifupi 12, ndipo linati zingakhale bwino koposa atatsika kufika pa 6. Botolo limodzi lija ladutsa kale pa 6 paja, tiyi wa m'mawa tisanamuwerengere. Mukasiya chozizira chokhacho, ngakhale mandasi mutapitiriza kwa kanthawi, mwadula kale chinthu chachikulu.

Tsopano zoti munyamule. Mfumu ya zonse kwa ine ndi dzira lowiritsa. Limodzi lili ndi makalori pakati pa 70 ndi 80, ndi zomanga thupi magalamu 6, ndipo limakhalitsa m'mimba kuposa mandasi awiri. Liwiritseni m'mawa mpaka lilimbe, musalisende, mulidye tsiku lomwelo. Chikamba chakecho ndiye kontena yake. Mavenda amagulitsanso mazira owiritsa m'madepoti monse, ndiye tsiku lomwe mwaiwala kunyamula, itanani wa mazira m'malo mwa wa zigege. Chenjerani ndi kamchere kosakaniza ndi tsabola kaja, timathira mopanda chisoni. Mchere wa tsiku lonse suyenera kupitirira magalamu 5, kasupuni kakang'ono kamodzi, ndipo ngati BP yanu imakwera ndiye nkhani imeneyi ndi yanu. Vuto lina la dzira mukulidziwa: kulisenda mu minibasi yotseka mazenera, anthu onse amakucheukirani. Dikirani mutsike.

Mtedza ndiimepo pang'ono, chifukwa ndi pamene anthu ambiri ofuna kuchepetsa thupi amagwera, ine ndemwe ndinagwerapo. Ndinamva kuti mtedza ndi wabwino, ndiye ndinkagula jumbo yonse n'kumatapa njira yonse kuchoka pa Dedza mpaka pa Zalewa, mumtima ndikuti ndikudya zopatsa thanzi. Sikelo sinasunthe, mwinanso inakwera. Mtedza ndi wabwinodi, koma pafupifupi theka lake ndi mafuta. Magalamu 100 a mtedza wokazinga amayandikira makalori 600, kuposa tchipisi cholemera chimodzimodzi. Mlingo wake ndi chikhatho chimodzi chosadzaza kwambiri, magalamu ngati 30, omwe ndi makalori pafupifupi 170. Muyeze kunyumba, muthire m'kabotolo kakang'ono, jumbo yaikuluyo itsale m'kabati. Mukaitenga mumaliza, musadzinamize. Njira ina yomwe inandithandiza ndi kugula wamakoko. Kuswa kuja kumachedwetsa, ndipo mulu wa makoko ukamakula umakuchititsani manyazi.

Komanso mtedza muziusankha. Wonyala, wakuda, wooneka nkhungu kapena wowawa m'kamwa, lavulani. Chuku chimene chimagwira mtedza ndi chimanga chosaumitsidwa bwino chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin amene amawononga chiwindi pang'onopang'ono, ndipo kukazinga sikumuthetsa. Ambiri timasankha wabwino n'kugulitsa, woipa n'kusinja nsinjiro. Chizolowezi chimenecho n'choipa.

Ngati ndinu munthu wofuna kuti kamwa lizingotafuna, mbuliwuli ndi mnzanu. Kapu imodzi ya mbuliwuli zopanda mafuta ndi makalori 30 okha, ndiye makapu atatu simunafike ngakhale pa 100, koma mwatafuna kwa nthawi ndithu. Ndikunena zophulitsa nokha m'poto wovundikira, osati zofiira ndi zobiriwira zomata shuga zija ana amalirira. Chimanga chokazinga cholimba chija n'chosiyana: m'chikhatho chimodzi mumalowa chambiri, ndiye makalori ake ndi ochulukirapo, ndipo chinandithyolera dzino lakumapeto. Chimanga chachiwisi chootcha kapena chophika chimodzi nthawi ya mondokwa, chimenecho palibe mlandu, bola chikhale chimodzi.

Zipatso tsatirani nyengo, ndi pamene zimatchipa. Gwafa ndimamuika patsogolo. Magalamu 100 ali ndi makalori osakwana 70, ndi wolimba moti saphwanyika m'chikwama, ndipo njere ndi khungu lake zimachedwa kugayika, ndiye mimba imakhala chete nthawi yaitali. Nyengo yozizira kumabwera manachesi a ku Mwanza, awiri aang'ono sadutsa makalori 100, amasendeka ndi zala, ndipo amathetsa ludzu. Nthochi imodzi yapakatikati ndi pafupifupi 100. Ndi yabwino, koma ikakhala pansi pa mabuku a malisiti imasanduka phala, muiike pamwamba. Masawu a ku Chikwawa ndi Nsanje ndi masuku nthawi yake ikakwana ndimawakonda chifukwa nthangala ndi yaikulu, mumayamwa nthawi yaitali koma zolowa m'mimba n'zochepa.

Mango alibe vuto, vuto ndi ife. Ndani anadyapo bango limodzi mu Disembala n'kusamba m'manja? Mapeyala nawo ndi chipatso chamafuta, makalori 160 pa magalamu 100, ndiye theka la laling'ono lakwana, komanso si chinthu chodyera pamsewu. Nzimbe ndi madzi a shuga, mfundo imodzi kapena ziwiri zokha. Mavwende ndi nanazi zoduladula za m'mbali mwa msewu makalori ake ndi ochepa zedi, koma ine ndinazisiya chiyambire kolera ya 2022 ndi 2023 ija, yomwe inapha anthu opitirira 1,700 m'dziko muno. Simudziwa mpeniwo unatsukidwa ndi madzi otani. Gulani chathunthu, mukadule kunyumba, muike m'kontena yotseka bwino. Chipatso chosenda nokha ndiye chotetezeka mukakhala paulendo.

Karoti ndi nkhaka ndiye zotsika kwambiri. Karoti ndi makalori 40 pa magalamu 100, nkhaka 15 basi. Masiku omwe ndinkadutsa pa Lizulu ndinkagula mulu wa karoti wokwana sabata yonse, kumutsuka, kumupala, n'kumanyamula awiri patsiku. Anzanga ankandiseka kuti ndasanduka kalulu. Koma ndikuuzeni zoona: nkhaka payokha sigwira mimba. Mudya, pakatha mphindi makumi awiri njala yabwerera ndi abale ake. Ndiye muziphatikiza zinthu ziwiri, china chodzaza mimba ndi china chokhalitsa. Karoti ndi dzira. Nachesi ndi theka la chikhatho cha mtedza. Gwafa ndi dzira. Nthochi ndi timtedza khumi. Zonsezi zili pansi pa makalori 200, ndipo zimakufikitsani pa mgonero musanayambe kukalipira kondakitala popanda chifukwa.

Mbatata yophika ya dzulo, kachidutswa kokwana m'dzanja, nayonso imagwira ntchito, makamaka tsiku lomwe mwayenda wapansi kwambiri. Yofiira mkati ija ili ndi vitamini A wambiri. Pali mtundu wina anautcha Kadyaubwerere, ndipo dzinalo likuchenjezani lokha, nyamulani chidutswa chimodzi. Chinangwa chophika ndi cholemererapo kuposa mbatata, chokazinga ndiye musayerekeze. Nzama kapena nandolo wowiritsa ndi wokhutitsa bwino, koma nyengo yotentha amasasa msanga m'kontena, pofika 3 koloko fungo lasintha. Zimenezo ndi za mwezi wa Juni. Usipa wouma wowamba pang'ono pamoto ndi chakudya chabwino kwambiri, zomanga thupi zambiri, koma chikwama chanu chidzanunkha mpaka makasitomala adzadziwa kuti mwafika musanalowe. Ndinayesa kamodzi.

Thobwa ndi maheu musaziyese madzi. Ndi ufa ndi shuga, ndiye ndi chakudya. Mukamwa botolo la thobwa mwadya kale, musawonjezere chigumu pamwamba. Madzi enieni nyamulani botolo lanu, muzimwa musanamve ludzu. Aja akuti imwani madzi sananame kwenikweni, pena chomwe timachiyesa njala padzuwa chimakhala ludzu, kungoti madzi okha sangalowe m'malo mwa chakudya.

Simunanene kuti nkhomaliro mumadya chiyani, koma ndikukayikira kuti gwero lili pamenepo. Anthu oyendayenda timachita ziwiri: kudumpha nkhomaliro chifukwa cha kutanganidwa, kapena kudya mitanda itatu ya nsima ya ufa woyera ndi kandiwo kochepa. Ufa woyera anauchotsa gaga, umagayika msanga, shuga m'magazi amakwera n'kutsikanso, ndiye pofika 3 koloko muli ndi tulo ndi njala nthawi imodzi. Yesani mgaiwa, mitanda iwiri, masamba ambiri, nyemba kapena nsomba. Ndipo kamba wanuyo musadikire kuti njala ifike pamutu. Idyani cha m'ma hafu pasiti 2, ikadali kutali. Mukadikira mpaka maso achite mdima, dzira mudya, mandasi mugulanso.

Za kunjenjemera manja mwatchulazo musazitenge mopepuka. Pitani akakuyezeni shuga, ndi kubaya chala kokha, sizitenga nthawi. Ngati muli kale pa mankhwala a shuga, kaya mapiritsi kaya jakisoni wa insulini, kunjenjemera, thukuta ndi chizungulire zingatanthauze kuti shuga watsika kwambiri, ndipo pamenepo nkhaka sithandiza, pamafunika switi kapena chakumwa chotsekemera msangamsanga. Anthu otere asamasowe maswiti awiri atatu m'chikwama, ndipo asasinthe kadyedwe asanakambirane ndi adokotala awo. Ngati muli oyembekezera kapena mukuyamwitsa, zochepetsa thupi ziyambe zadikira.

Chotsala ndi anzanu a kuntchito. Mukangotulutsa kabotolo ka mtedza woyeza bwino uja, manja atatu atambasuka kale, "patseniko asisi," ndipo kumana sitinaphunzire. Ine ndinkawiritsa mazira awiri, lina la wopempha, mtedza wokha ndinkadyera kuseri.