Kwa achemwali ofunsa za malo osungirako okalamba

Achemwali, mwati mayi anu akalamba, nonse mumalawirira kuntchito, ndiye mukufunsa ngati malo osungirako okalamba a m'tauni muno amaposa akumudzi. Ndiyankhepo monga munthu amene ndinasungapo agogo.

Malo oterewa ndi ochepa kuno kwathu, ndipo ambiri amayendera mipingo ndi anthu akufuna kwabwino. A m'tauni mwayi wawo waukulu ndi chipatala. Ngati mayi ali ndi BP kapena shuga, Kamuzu Central ili pompano, mankhwala akasowa mumathamangira ku famase. Kumudzi, kaya ndi ku Mitundu kaya ku Kabudula, munthu akadwala usiku wa dzinja ndiye mumayamba kusaka njinga ya kabaza m'matope. Chakudyanso kumeneko chimadalira munda ndi zopereka, choncho mufunse kuti mu Febuluwale amadya kangati.

Koma tauni ili ndi matenda ake. Agogo anga tinawaika pamalo ena a mpanda wa njerwa, matiresi abwino, madzi a pampopi, phala la mkaka m'mawa. Patatha miyezi iwiri anangoti zii. Ndikapita ndinkawapeza atakhala pafupi ndi geti, mpango uli kumutu ngati akunyamuka, funso lawo n'limodzi: "Kumudzi wamwalira ndani?" Kwawo ankaswera pakhonde akusenda mtedza, aliyense wodutsa ankati odi, ndipo maliro sankawaphonya ngakhale akuyendera ndodo. Tinawabweza.

Musaganizenso kuti kumudzi n'kwa mtendere wokhawokha. Mwana akamwalira mwadzidzidzi, chala chimaloza nkhalamba. Tonse tikukumbuka okalamba anayi amene anaphedwa ku Neno mu 2016 powanamizira ufiti, chikhalirecho lamulo la 1911 limaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti. Malo akumudzi amene ali pabwino ndi amene mfumu ndi mpingo akuwaikira kumbuyo. Za Mtukula Pakhomo musawerengere kwambiri, imafikira mabanja ovutikitsitsa okha.

Ine ndikanati, ngati mayi akudwaladwala, akhale kufupi ndi chipatala, inunso muziwaona Lamlungu lililonse. Ngati akadali ndi mphamvu, musawazule. Kulikonse kumene mungasankhe, mukafike masana osawauza kuti mukubwera, ndipo mukapemphe kuona chimbudzi. Maondo a munthu wa zaka 80 sanjuta pa chimbudzi chokumba, ndipo usiku amafuna wina womugwira dzanja.