Anzanga akuti ndikhale chete mpaka nditamaliza One Piece

Achemwali ena a ku Zomba anditumizira imelo, ndipo funso lawo ndalifupikitsa chonchi: "Ndili pagulu la pa WhatsApp la anthu okonda anime (makatuni a ku Japan). Ine ndimakonda mafilimu a Studio Ghibli, makamaka Grave of the Fireflies. One Piece ndinaiyamba koma ndinalekezera pa gawo la 20, sinandikoke. Pano ndikangoti ndilankhulepo, anzanga amati ndikhale chete chifukwa sindinaonere anime yeniyeni, zanga ndi makatuni ogonetsa tulo. Kodi ndidzikakamize kuimaliza?"

Achemwali, musadzikakamize. Zimene mukukanganiranazi zinaumbidwa ndi zolinga zosiyana kuchokera pachiyambi, ndipo mukaona kusiyanako mkangano wanu usintha.

One Piece inabadwa ngati manga, nkhani ya zithunzi zojambula pamanja, m'magazini ya ku Japan ya Weekly Shonen Jump, ya kampani ya Shueisha, yomwe imatuluka sabata iliyonse kuyambira kalekale. Magaziniyi imafunsa owerenga kuti nkhani zimene zawasangalatsa ndi ziti, ndipo nkhani yomwe ikutsalira m'mbuyo amaidula msanga. Ndiye wolemba aliyense amadziwa kuti mutu uliwonse uyenera kuthera pamalo poti mnyamata asagone mpaka atagula magazini ya sabata yamawa. Eiichiro Oda, wolemba One Piece, wakhala akupambana mayeso amenewa kuyambira 1997. Kampani ya Toei Animation inayamba kuipanga kukhala makatuni a pa TV mu 1999, ndipo mu 2021 inafika pa gawo la 1,000. Gawo limodzi ndi mphindi pafupifupi 24. Mukawerengetsera, anzanuwo akukupemphani maola oposa 400 a moyo wanu, osawerengera ndalama za bandulo.

Kuchedwa kumene munakumva si kuti mutu wanu sugwira. Nkhani ya pa TV imathamanga kuposa dzanja la wojambula manga, ndiye ikayandikira kumupeza, opanga amakoka zinthu: kubwereza zimene zinachitika kale, kuonetsa nkhope ya aliyense akudabwa, kapena kupeka magawo osakhala m'buku, aja timati filler. Anime ina yotchuka, Naruto, pamodzi ndi kupitiriza kwake Naruto Shippuden, zili ndi magawo 720, ndipo okonda Naruto enieni amakuuzani okha magawo oti mudumphe.

Komabe ndiwaikire kumbuyo anzanuwo pang'ono, chifukwa chikondi chawo sichabodza. Munthu amene anayamba One Piece ali Fomu 1, lero ali pantchito, mwina ali ndi mwana, ndipo Luffy, mwini nkhaniyi, ndi anzake akadali panyanja. Wakula nawo. Akaona munthu amene anasowa kwa magawo 300 watulukiranso, amamva ngati mmene timamvera tikakumana ndi mnzathu wa kupulayimale pa depoti ya basi. Filimu ya mphindi 90 singakupatseni chimenecho, ngakhale italukidwa bwino chotani. Ngati mukufuna kuipatsa mwayi womaliza, pitirizani mpaka nkhani ya Nami, mnzake wa Luffy, ndi Arlong, wozunza mudzi wa Nami, ithe, cha m'ma gawo 44. Pa gawo la 37 Nami, amene wakhala akusenza yekha mavuto a mudzi wake kwa zaka, amafika potopa n'kupempha thandizo, ndipo Luffy amamuveka chipewa chake. Ambiri amene amaikonda One Piece anagwidwira pamenepo. Mukadutsa osamva kanthu, isiyeni ndi mtima woyera.

Tsopano tibwere kwanu, chifukwa mawu oti "si anime yeniyeni" andiwawa. Studio Ghibli inakhazikitsidwa mu 1985, ndipo pakati pake panali Hayao Miyazaki, Isao Takahata ndi Toshio Suzuki. Spirited Away ya Miyazaki inatuluka mu 2001, inalandira Oscar mu 2003, ndipo inakhala filimu yopeza ndalama zambiri kuposa ina iliyonse ku Japan mpaka mu 2020, pamene filimu ya Demon Slayer inaiposa. Taonani bwino pamenepo: eni akewo ku Japan amadzaza nyumba za kanema chifukwa cha zonse ziwiri, za malupanga ndi zofatsa zomwe. Mpanda umene anzanu amanga pagulupo kulibe kumene zinthuzi zimachokera.

Grave of the Fireflies ndi ya Takahata, ya mu 1988, ndipo inkaonetsedwa limodzi ndi My Neighbor Totoro pa tikiti imodzi. Inachokera m'nkhani ya Akiyuki Nosaka ya mu 1967, munthu amene mlongo wake wamng'ono anamwalira ndi njala mu 1945, ndipo anakhala moyo wake akudziimba mlandu. Amene amati filimuyi ndi yogonetsa ndikukayika ngati anaimaliza. Imakuuzani pa mphindi zoyambirira zenizeni kuti Seita, mnyamata mwini nkhaniyi, wamwalira, ndiye simuonera kuti mudziwe mathero. Mumaonera kuti muone njira imene ana awiri anafikira kumeneko. Ndege za America zatentha mzinda wa Kobe, mayi awo apsa n'kumwalira, bambo ali kunkhondo ya panyanja. Seita wa zaka 14 ndi Setsuko wa zaka 4 akukakhala kwa azakhali. Poyamba zili bwino. Chakudya chikuchepa, zovala za malemu mayi awo zikusinthidwa ndi mpunga, mawu a azakhali akuyamba kulasa, ndipo Seita akutenga mlongo wake kukakhala kumphanga yobisalamo mabomba m'mphepete mwa dziwe.

Funso limene anthu akhala akukangana kwa zaka ndi ili: wolakwa ndani? Koyamba aliyense amadana ndi azakhali aja. Koma mukaonera kachiwiri muli wamkulu, mwina mutasungapo ana a abale nthawi ya njala, mumayamba kuona mayi amene akugawa mphika wosakwana, ndi mnyamata amene sakugwira ntchito, sakupita kusukulu, ndipo sakufuna kuweramitsa mutu. Takahata mwiniwake ankakana kuti filimuyi ndi yongodzudzula nkhondo. Ankaloza kwambiri pa mnyamata wodzipatula kwa anthu. Ine maganizo anga ndi oti Seita analakwa kuchoka, ndipo analakwa kwambiri posabwerera ataona kuti Setsuko wayamba kunyentchera. Koma sindingamuweruze ngati munthu wamkulu. Anali mwana amene anabisira mlongo wake imfa ya mayi awo, akuyesa kukhala bambo ndi mayi nthawi imodzi, ndipo akuluakulu onse amene anakumana nawo, dokotala ndi mlimi yemwe, anamuyang'ana n'kumusiya apite. Filimu imene imakusiyani ndi funso lolemera chonchi siikusowa chilolezo cha munthu kuti itchedwe anime.

Ndikuchenjezeniko chimodzi, achemwali. Okonda mafilimu ofatsa nafe tili ndi matenda athu: timayamba kuona ngati za ndewu ndi za ana osaganiza. Musalowe m'menemo. Yesani Fullmetal Alchemist: Brotherhood. Ili ndi magawo 64 basi, inaonetsedwa kuyambira 2009 mpaka 2010, ndipo imatha bwinobwino, osakusiyani m'malere. Wolemba wake, Hiromu Arakawa, ndi mayi amene anakulira pafamu ya ng'ombe zamkaka ku Hokkaido. Nkhani yake ndi ya anyamata awiri apachibale amene anayesa kuukitsa mayi awo. Wamkulu anataya mwendo ndi mkono, wamng'ono anataya thupi lonse. Ndewu zimene anzanu amafuna zilimo zambiri, koma mulinso asilikali ovutika ndi chikumbumtima chifukwa cha anthu amene anapha pankhondo ya kudera lotchedwa Ishval, ndiponso ana olira mayi awo, zomwe inu mukuzidziwa kale kuchokera kwa Takahata. Ndikukhulupirira kuti pagulu lanulo alipo angapo amene anaionera, ndiye mupeza pokumanirana.

Za pagulupo, lekani kuyankha funso loti "anime yoposa zonse ndi iti", chifukwa limangobala phokoso ndipo wopambana amakhala amene ali ndi bandulo yambiri. Afunseni kuti ndi gawo liti la One Piece limene linawaliza, ndipo chifukwa chiyani. Mudzadabwa mmene anyamata aukali aja adzafewere pofotokoza. Kenako apempheni mphindi 89 zokha, aonere Grave of the Fireflies Loweruka likubwerali, ndipo Lamulungu aliyense anene ngati Seita akanayenera kubwerera kwa azakhali ake. Mudzandilembere zimene adzayankhe, makamaka amene anakulira pakhomo pa achibale.