Oweruza sitiwavotera, nanga mphamvuzi amazitenga kuti?

Achimwene, mwafunsa kuti zimatheka bwanji anthu asanu omwe palibe anawavotera n'kufafaniza chisankho chomwe anthu miyandamiyanda anapirira nacho dzuwa pamzere, kapenanso kukana lamulo lomwe aphungu avomereza. Funso lanuli si lachibwana ayi, ndipo amene angakunyozeni akulakwitsa. Akadaulo a malamulo akhala akukokanakokana pa nkhaniyi kuyambira 1803, pomwe khoti lalikulu la ku America, pa mlandu wa Marbury ndi Madison, linati lili ndi mphamvu yokana lamulo losemphana ndi malamulo aakulu a dziko.

Mphamvuzo oweruza sanazitole panjira, tinawapatsa ndife eni dziko. Gawo 12 la malamulo athu aakulu a 1994 likuti ulamuliro wonse umachokera kwa anthu, ndipo gawo 5 likuti lamulo lililonse kapena chochita chilichonse cha boma chotsutsana ndi malamulowa n'chopanda mphamvu. Ndiye pafunika wina woti azinena kuti apa mwadumpha malire. Tikawasiyira aphungu kapena pulezidenti ntchitoyi, ndiye kuti wosewera mpira tamupatsanso wezulo. Woweruza savoteredwa mwadala, kuti asamagwe mphwayi poopa kuluza mpando akaweruza zowawa.

Tiyeni tione za chisankho cha pulezidenti cha 2019 kuno ku Malawi chomwe mukunenacho. Chomwe khoti linapeza pa 3 February 2020 n'chakuti zotsatira zinasokonezedwa kwambiri moti sizikanatheka kudziwa chomwe anthu anasankhadi. Tonse tinawaona mapepala aja, manambala atapakidwa Tipp-Ex, pamwamba atalembapo ena. Oweruza anawerenga chigamulo cha masamba pafupifupi 500 tsiku lonse, anthu makutu ali pa wailesi. Pomaliza sanaloze munthu kuti uyu ndiye pulezidenti. Anati bwererani mukavotenso, ndipo pa 23 June tinavotadi. Ine apa sindikuona mavoti olandidwa, ndikuona mavoti obwezedwa kwa eni ake. Ku Kenya zinachitikanso chimodzimodzi mu 2017, Chief Justice ali David Maraga.

Koma pomwe nkhawa yanu ili ndi nsonga ndi apa. Nkhani ya 50+1, yoti wopambana azipeza mavoti oposa theka, inabwera m'chigamulo chomwecho kudzera m'kutanthauzira gawo 80 la malamulo aakulu, pomwe m'chaka cha 2000 Supreme Court, pa mlandu wa Gwanda Chakuamba, inali itanena kuti woposa anzake mavoti ndiye wapambana. Mawu a lamulo sanasinthe, tanthauzo ndi lomwe linasintha. Ine 50+1 ndimagwirizana nayo, komabe wonena kuti nkhani yaikulu chonchi inayenera kuyambira ku Nyumba ya Malamulo ndimamumvetsa. Oweruza ndi anthu, amaphonya, nthawi zina moipa zedi. Mu 1857 khoti la ku America lomwe lija linagamula pa mlandu wa Dred Scott kuti munthu wakuda sangakhale nzika, ndipo zinatengera nkhondo ndi kusintha malamulo aakulu kuti chigamulocho chife.

Nanga iwowo amawalondera ndani? Woweruza amakakamizidwa kulemba zifukwa zake poyera, aliyense aziwerenge ndi kuzitsutsa. Pali apilo, ndipo ya mlandu wa chisankhowu inagamulidwa pa 8 May 2020. Aphungu akakwana magawo awiri mwa atatu atha kusintha malamulo aakulu, pomwe zigawo zina zimafuna riferendamu. Njirazi n'zochedwa, inde, koma zilipo.

Chimene chimandidetsa nkhawa ine ndi chizolowezi chotamanda khoti tikawina, tikaluza n'kumati oweruza adya zake. Zikatero andale amapezerapo mpata. Kumbukirani June 2020, chisankho chitatsala masiku ochepa, boma linalengeza kuti Chief Justice Andrew Nyirenda apite kutchuthi mpaka adzapume pantchito. High Court inaletsa, maloya anayenda m'misewu atavala mikanjo yawo. Chikanatheka chimenecho, boma lililonse lobwera pambuyo, la chipani chanu kapena changa, likanadziwa kuti woweruza wovuta amangomutumiza kutchuthi basi.