Mafunso anu: Kodi ma Conservative aku Britain ndi chipani cha anthu olimbikira kapena cha olemera?

FUNSO: Akonzi, ine ndimakhala ku Leicester, ndimagwira ntchito yosamalira okalamba. Nditamva kuti ife aMalawi timaloledwa kuvota kuno poti tili mu Commonwealth ndayamba kutsata ndale zawo. Agogo ena omwe ndimawasamala amati anavotera ma Conservative moyo wawo onse chifukwa ndi chipani cha anthu odya thukuta lawo, osunga ndalama, osadalira boma. Koma mnzanga wakuntchito akuti ayi, ndi cha mabwana basi. Zoona ndi ziti? (Mayi wa ku Leicester)

YANKHO: Mayi, mnzanuyo akunena za komwe chipanichi chinachokera. Ma Tory, lomwe ndi dzina lina la ma Conservative, poyamba anali a eni minda ikuluikulu ndi a mpingo wa Anglican, moti mu 1846 mtsogoleri wawo Robert Peel atachotsa msonkho wa tirigu wochokera kunja kuti buledi atsike mtengo, eni minda aja anakwiya chipani mpaka kugawanika. Nthawi imeneyo eni mashopu ndi mafakitale ambiri ankavotera ma Liberal.

Zinthu zinatembenuka cha m'ma 1880 nthawi ya Lord Salisbury. Makalaliki, eni magolosale, ogwira ntchito m'mabanki anali atayamba kukhala m'tinyumba tabwino kunja kwa mizinda, ndiye munthu akakhala ndi kakatundu amayamba kuopa zisokonezo. Mu 1886 ma Liberal anagawanika pa nkhani yoti Ireland idzilamulire, amalonda ambiri anawolokera kwa ma Tory, kenako chipani cha Labour chitakula ndi mabungwe a ogwira ntchito anthu apakatikatiwa anakakamira kwa ma Tory komweko. Amati Conservative ndi chipani chapakati chopendekera kumanja chifukwa chimagonjako pena, mwachitsanzo atabwerera m'boma mu 1951 sanathetse NHS, ndondomeko ya zipatala za boma zaulere, yomwe Labour inayambitsa mu 1948, komanso Harold Macmillan ali nduna ya zanyumba dziko linamanga nyumba zoposa 300,000 mu 1953.

Koma mawu akuyankhula agogowo ndi a Margaret Thatcher enieni. Mayiyu anabadwira ku Grantham mu 1925, anakulira pamwamba pa golosale ya bambo ake Alfred Roberts omwe analinso mlaliki wa Methodist, ndipo zomwe ankalalikira atakhala nduna yaikulu mu 1979 ndi zapakhomo pawo zomwezo, usadye zomwe sunagwirire ntchito, usakongole zomwe sungabweze. Mu 1980 anabweretsa lamulo la Right to Buy loti amene wakhala m'nyumba ya khonsolo zaka zitatu atha kuigula motchipa, amachotsako 33 peresenti mpaka kufika theka kwa amene wakhalitsa. Taganizani munthu wakhala akulipira lendi zaka 20 lero akugwira mapepala a nyumba m'dzina lake, ambiri choyamba anachita ndi kusintha chitseko chakumaso chakhonsolo chija kuikapo chawo kuti aliyense odutsa adziwe kuti apa pagulidwa. Nyumba zoposa miliyoni imodzi zinagulidwa m'zaka za m'ma 1980 zokha. Thatcher anagulitsanso masheya a makampani a boma a British Telecom mu 1984 ndi British Gas mu 1986 kwa anthu wamba. Mukawafunsa agogowo chaka chomwe anagula nyumba yawo mwina muzipeza nokha.

Ine zakusunga ndalama ndi kudzidalira ndimazilemekeza, ngakhale kwathu kuno mayi wa banki m'khonde amazidziwa bwino. Chimandipweteka ndi choti Thatcher ankayankhula ngati amene wasauka ndi waulesi, pomwe mu 1982 anthu osowa ntchito anapitirira 3 miliyoni, ndipo m'midzi ya migodi ya malasha yomwe inagonja pa sitalaka ya 1984 mpaka 1985 munali anthu olimbikira kwabasi, mgodi ukatsekedwa ndiye kunalibenso kolowera. Makhonsolo nawo anamangidwa manja pa ndalama zomwe anagulitsira nyumba zija, sanamange zina zokwanira, nde ana ndi zidzukulu za omwe anagula aja lero akulira ndi lendi, ngati momwe mukulilira inuyo ndikhulupilira.

Apa ndi pomwe ubale wa chipanichi ndi anthu apakatikati wagwedezeka. Mu September 2022 boma la Liz Truss wa Conservative linalengeza zochepetsa misonkho popanda kunena ndalama zake zichokera kuti, chiwongola dzanja cha ngongole za nyumba chinakwera, omwe anapsa kwambiri ndi anthu awo omwe. Pa chisankho cha July 2024 ma Conservative anangopeza mipando 121 pa mipando 650, chiyambireni sanagwepo chonchi, ndipo madera ambiri a anthu opezako bwino kum'mwera kwa England anapita kwa ma Liberal Democrats.

Poti mukufuna kuvota, kalembetseni ku khonsolo ya dera lanu kapena pa intaneti, ndipo aliyense obwera kudzagogoda pakhomo panu nthawi ya kampeni mumufunse kuti pa nkhani ya lendi ndi mavisa a ogwira ntchito yosamalira okalamba chipani chake chikuti chani.