Phapo lophwa ndi botolo la madzi pansi pa bedi

Mayi ena anditumizira funso pa imelo, ndipo alola kuti ndiliyankhe poyera popanda kutchula dzina lawo. Alemba motere: "Achimwene anga anagwa pa njinga yamoto ya kabaza n'kuthyoka nthiti ziwiri. Kuchipatala anatiuza kuti phapo lawo lakumanja laphwa, ndipo anawalowetsa paipi pakati pa nthiti, yopita m'botolo la madzi limene lili pansi pa bedi. Tikafuna kukweza botololo patebulo kuti tikolope, anamwino amatikalipira. Ine ndimadziwa kuti mapapo ndi amene amakoka mpweya. Nanga phapo lingaphwe bwanji munthu akupumabe, ndipo madzi a m'botolo akuthandiza chiyani?"

Pepani kwambiri ndi ngoziyi, Mayi. Yankho liyambire pa mawu anu akuti mapapo amakoka mpweya, chifukwa anthu ambiri amaganiza chimodzimodzi, ndipo maganizo amenewa ndi amene akuchititsa kuti za botolo zisamveke. Mapapo alibe mnofu wotha kuwatambasula. Amene amagwira ntchitoyo ndi chifuwa: chikakula, mapapo amakokedwa n'kukula nacho, ndipo mpweya wakunja umadzikankha wokha kulowa m'malo amene atsegukawo. Zonse zimene mukuona m'wodimo zikuchokera pa mfundo imeneyi.

Mpweya umene watizungulira umalemera, ndipo umakankha chilichonse kuchokera mbali zonse. M'mphepete mwa nyanja yamchere mphamvu ya kukankha kwakeyo imafanana ndi ya madzi ozama mamita 10 ndi kachidutswa, kapena kuti masentimita pafupifupi 1,030. Ndigwiritsa ntchito muyeso wa masentimita a madzi m'nkhani yonseyi chifukwa ndi umene madokotala a m'chifuwa amagwiritsa ntchito, komanso ndi umene mungauone ndi maso pabotolo la achimwene anu. M'chaka cha 1662 Robert Boyle, katswiri wa sayansi wobadwira ku Ireland, anasonyeza kuti mpweya wotsekeredwa ukapatsidwa malo owirikiza kawiri, mphamvu yake imatsika kufika pa theka, ndipo ukapanikizidwa m'malo ochepa mphamvuyo imakwera, malinga ngati kutentha kwake sikunasinthe. Mungadzionere nokha ndi sirinji yatsopano yopanda singano. Tsekani kukamwa kwake ndi chala, kenako kokani chokankhira chake. Mudzamva khungu la chala likuyamwika ndipo chokankhiracho chikulimbana nanu kufuna kubwerera, chifukwa mwakulitsa malo a mkati popanda kuwonjezeramo mpweya. Mukachotsa chala, mpweya umalowa ndi kaphokoso. Sirinjiyo sinaukoke, wakunja, pokhala wamphamvu kuposa wamkati, walowa wokha.

M'thupi, ntchito ya chokankhira chija imagwiridwa ndi mnofu waukulu wolekanitsa chifuwa ndi mimba, umene madokotala amautcha diaphragm. Ukakhala phee umakhala wotumbika kuloza m'mwamba, ndipo uthenga ukaufika kuchokera ku ubongo kudzera m'mitsempha yotuluka m'fupa la khosi, umakungika n'kutsika ndi sentimita imodzi kapena awiri. Pa nthawi yomweyo minofu ya pakati pa nthiti imanyamula nthitizo kuti zikwere ndi kutambasukira kunja. Malo a m'chifuwa akakula choncho, mphamvu ya mpweya wa m'timatumba ta m'mapapo imatsika ndi sentimita imodzi yokha ya madzi poyerekeza ndi yakunja. Kusiyana kwa sentimita imodzi pa masentimita oposa 1,000 n'kochepa zedi, komabe n'kokwanira kulowetsa theka la lita la mpweya m'masekondi awiri, maulendo 12 mpaka 20 pa mphindi kwa munthu wamkulu amene wangokhala. Kutulutsa mpweya ndiye sikufuna ntchito n'komwe. Minofu imangomasuka, mapapo amabwerera mwakale okha, malo amachepa, mphamvu ya mkati imaposa yakunja ndi sentimita imodzi, mpweya n'kutuluka. Minofu ya pamimba imalowererapo pokhapokha munthu akamathamanga, kutsokomola kapena kuimba mokweza.

Funso lenileni tsopano ndi lakuti, ngati phapo silinasokereredwe kunthiti, n'chiyani chimalichititsa kutsatira chifuwa chikamakula? Apa ndi pamene pagona vuto la achimwene anu.

Phapo lililonse lakutidwa ndi nembanemba yopyapyala yoterera, ndipo nembanemba ina yofanana nayo yayalidwa mkati mwa nthiti ndi pamwamba pa diaphragm. Ziwirizi zimagundana, ndipo pakati pake pali timadzi tochepa kwambiri, mamililita osapitirira 20, timene timalola kuti zizitsetsereka popanda kulekana. Mpweya mulibemo ngakhale pang'ono. Phapo mwachibadwa limafuna kunyala, chifukwa lili ndi ulusi wotanuka wambiri komanso timatumba take tonyowa timakonda kumatana, pamene nthiti mwachibadwa zimafuna kufutukukira kunja. Ziwirizi zimakokana moyo wonse wa munthu, ndipo chifukwa cha kukokanako mphamvu ya pakati pa nembanemba ziwirizo imakhala yotsika ndi masentimita pafupifupi 5 poyerekeza ndi yakunja, n'kufika pa 8 munthu akakoka mpweya. Popeza mpweya wa mkati mwa phapo ndi wolumikizana ndi wakunja kudzera m'mphuno, umakhala wamphamvu kuposa wa m'mpatamo, motero umalikankhira phapo kunthiti kuti likhale lofufuma. N'chifukwa chake ngakhale mutatulutsa mpweya ndi mphamvu zanu zonse, m'mapapo mumatsalabe mpweya woposa lita imodzi.

Dongosolo lonseli limadalira kuti mpata uja ukhale wotsekeka. Nthiti ikathyoka, nsonga yake yakuthwa ikhoza kulasa phapo, ndipo mpweya umayamba kudontha kuchokera m'phapomo kulowa pakati pa nembanemba. Bala la mpeni nalo limachita zomwezo polowetsa mpweya kuchokera kunja, ndipo nthawi zina phapo lodwala chifuwa chachikulu kapena lowonongeka ndi fodya limabooka lokha. Mpweya ukangolowa m'mpatamo, mphamvu yake imakwera kufanana ndi yakunja, phapo limasowa cholikankhira kunthiti, ndipo limachita chimene lakhala likufuna kuyambira kale, ndiko kunyala. Achimwene anu anapitiriza kupuma pa zifukwa ziwiri. Minofu yawo inali kugwirabe ntchito, kungoti mbali yakumanja chifuwa chikakula chinkangokulitsa thumba la mpweya wosokerawo m'malo mokulitsa phapo. Komanso phapo lililonse lili m'chipinda chakechake, choncho lakumanzere linasenza ntchito yonse.

Madokotala sazengereza ndi vutoli chifukwa nthawi zina bowo limalola mpweya kulowa m'mpata koma osaulola kubwerera. Zikatero umachuluka ndi kupuma kulikonse mpaka kukankhira mtima mbali inayo ndi kufinya mitsempha ikuluikulu yobweretsa magazi kumtima, ndipo munthu akhoza kumwalira m'mphindi zochepa. Amene wavulala pachifuwa n'kuyamba kubanika kwambiri, kutuluka thukuta lozizira ndi kufooka sayenera kudikira kuti kuche.

Paipi imene anawaika ndi njira yotulutsira mpweya wosokerawo, pamodzi ndi magazi ngati alipo. Koma paipi yotseguka ikanakhala bowo lachiwiri, pakuti mpweya ukanatuluka munthu akamapumira kunja n'kulowanso akamakoka. Ndiye kufunika kwa madzi. Mukayang'anitsitsa botololo muona kuti paipi yochokera kwa wodwala imathera pansi pa madzi, yomira masentimita awiri kapena kuposerapo pang'ono, pamene kapaipi kena kakafupi kamathera pamwamba kuti mpweya uzitulukira panja. Achimwene anu akamatulutsa mpweya kapena kutsokomola, mphamvu ya m'chifuwa imaposa masentimita awiri a madziwo, ndipo mpweya wosokera umatuluka ngati thovu. Akamakoka mpweya, mphamvu ya m'chifuwa imatsika, koma chimene chili kukamwa kwa paipi ndi madzi, si mpweya. Madziwo amakwera masentimita angapo m'paipi n'kuima pamene kulemera kwake kwafanana ndi kukoka kwa chifuwa. Mukakhala pambali pa bedi, onani mmene madzi a m'paipimo amakwerera ndi kutsika motsatira kupuma kwawo. Chimene mukuonacho ndi kusintha kwa mphamvu ya m'chifuwa kumene ndafotokoza kuja. Thovu lililonse lotuluka limachepetsa mpweya wa m'mpata, mphamvu yake imatsikanso pang'onopang'ono, ndipo phapo limafufumanso mpaka kukagunda nthiti, kwinaku bala lake likupola.

Anamwino akulondola, ngakhale atalankhula mokalipa. Botolo likakhala pansi, madzi amafunika kukwera mtunda wautali kuti akafike pachifuwa, ndipo kupuma kwa masiku onse sikungawakweze chotero. Mukaliika patebulo lofanana ndi chifuwa kapena kupitirira, madzi osakanikirana ndi magazi akale amayenderera kubwerera m'chifuwa, atatenga tizilombo toyambitsa mafinya. Likagwa chammbali, kukamwa kwa paipi kumatuluka m'madzi, mpweya umalowa, ndipo phapo limaphwanso. Pokolopa, likankheni pang'ono lili chiimire. Muonetsetsenso kuti paipi siinapindike, sanaigonere, ndipo wina asaimange kapena kuitsina poganiza kuti akuthandiza, chifukwa kutseka paipi imene ikutulutsabe thovu ndi kuunjikira dala mpweya m'chifuwa. Thovu likasiya ndipo madzi akaleka kukwera ndi kutsika, zikhoza kutanthauza kuti phapo labwerera m'malo mwake, koma zikhozanso kutanthauza kuti paipi yatsekeka ndi magazi oundana. Kusiyanitsa ziwirizi ndi ntchito ya dokotala ndi ekisire. Yanu ndi kuwadziwitsa msanga, makamaka ngati wodwala wayambanso kubanika.

Mwina mudabwa kumva kuti kale madokotala ankaphwetsa phapo mwadala. Dokotala wa ku Italy, Carlo Forlanini, anayambitsa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800 njira yolowetsa mpweya pakati pa nembanemba za odwala chifuwa chachikulu kuti phapo lodwalalo lipumule, ndipo njirayi inagwiritsidwa ntchito mpaka pamene mankhwala monga streptomycin anapezeka m'zaka za m'ma 1940. Nalo botolo la madzi lili ndi ntchito ina kuchipinda cha makanda. Mwana wobadwa masiku asanakwane amakhala alibe mokwanira timadzi totchedwa surfactant, timene timaletsa timatumba ta m'mapapo kumatana, choncho timatumbato timaphwa akangotulutsa mpweya. Makina a Pumani, amene akatswiri a ku Rice University ku America anakonza mogwirizana ndi madokotala a pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, amapopera mpweya m'mphuno mwa khanda, ndipo wotsala umatulukira m'paipi yomira m'madzi. Kuzama kwa madziwo, kawirikawiri masentimita 5 mpaka 8, ndi kumene kumapereka mphamvu yotsala m'mapapo kuti asaphwe.

Paipi ikachotsedwa, nkhondo yotsala ndi ya ululu wa nthiti, ndipo pamenepa ndi pamene achibale mumathandiza kapena kuwononga. Munthu wothyoka nthiti amaopa kukulitsa chifuwa, ndiye amapuma pang'onopang'ono mwapamwamba. Pa mamililita 500 a mpweya amene munthu wamkulu amakoka, pafupifupi 150 amathera m'njira, kuyambira m'mphuno mpaka m'timapaipi ta m'mapapo, osafika kumene magazi amalandirira okosijeni, ndipo ofika amakhala 350. Ngati chifukwa cha ululu akukoka 250 okha, gawo la m'njira lija silichepa, choncho ofika amakhala 100 basi. Kupuma mofulumira sikubwezera bwino zimene zatayika, timatumba ta m'munsi mwa mapapo timayamba kumatana, makhololo amaunjikana, ndipo chibayo chimapeza malo. N'chifukwa chake ndimatsutsana ndi chizolowezi chomanga chifuwa cha wovulala ndi nsalu mothina: ululu umachepadi, koma mwamanga chiwalo chimene chimagwira ntchito yopuma. Ndimatsutsananso ndi mtima wokana mankhwala opha ululu pofuna kuonetsa chamuna. Achimwene anu azimwa mankhwalawo m'nthawi imene auzidwa, azikhala tsonga m'malo mogona chagada tsiku lonse, aziyendayenda akaloledwa, ndipo ola lililonse ali maso azikoka mpweya wambiri kangapo n'kuugwira masekondi ochepa. Potsokomola azikumbatira pilo mbali yovulalayo. Nthiti zimatenga masabata pafupifupi 6 kuti zilumikizane. Ngati amasuta, asiye, chifukwa fodya amachedwetsa kupola ndipo amafooketsa phapo.

Ngati ali ndi ulendo wa pandege, asakwere mpaka dokotala atatsimikiza ndi ekisire kuti mpweya wonse wosokera watha ndipo wawapatsa chilolezo. Mkati mwa ndege imene ili m'mwamba mphamvu ya mpweya imafanana ndi ya paphiri lotalika mamita 1,800 mpaka 2,400, ndipo malinga ndi zimene Boyle anapeza zija, mpweya wotsekeredwa m'chifuwa umafufuma ndi gawo limodzi mwa magawo anayi kapena kuposerapo. Kathumba ka mpweya kamene sikakuwavutitsa ali pansi kakhoza kufinya phapo ali m'mwamba, kumene kulibe woika paipi. Kumira m'madzi akuya ndi zipangizo zopumira nakonso asayese asanafunse dokotala. Ndipo akadzamva kubaya kwadzidzidzi mbali yomweyo pamodzi ndi kubanika, ngakhale patapita miyezi, abwerere kuchipatala tsiku lomwelo n'kukanena kuti phapo lakumanja linaphwapo kale.